Seva ya mawu ya pakhomo

Seva ya mawu ya pakhomo ndi kompyuta imene munthu amaiika m'nyumba mwake kuti anthu angapo azilankhulana ndi mawu pa nthawi imodzi kudzera pa netiweki. Kompyutayo imakhala ndi pulogalamu ya seva, monga TeamSpeak, Mumble kapena Ventrilo, ndipo aliyense wofuna kulankhula amalowamo pogwiritsa ntchito pulogalamu ina imene waiika pa kompyuta kapena pa foni yake. Maseva otere anatchuka kwambiri pakati pa osewera magemu a pa intaneti m'zaka za m'ma 2000. Mpaka pano akugwiritsidwabe ntchito, makamaka ndi magulu amene safuna kuti zokambirana zawo zizidutsa pa makompyuta a kampani ina.

Seva imodzi yomweyo imafikiridwa kudzera pa maadiresi awiri osiyana. Munthu amene ali m'nyumba momwemo amalemba adiresi ya m'kati, monga 192.168.1.10. Mnzake amene ali kutali amalemba adiresi ya kunja, imene kampani ya intaneti inapereka kwa rauta ya panyumbapo. Mavuto ambiri a seva zotere amayamba chifukwa chosokoneza maadiresi awiriwa. Nthawi zina mwini seva amalowa bwinobwino koma anzake akukanika. Nthawi zina anzake onse amalowa, iye yekha n'kumakanika, chonsecho seva ili m'chipinda mwake.

Mapulogalamu odziwika

TeamSpeak inapangidwa ndi kampani ya ku Germany. Mtundu wake wachitatu, TeamSpeak 3, umalandira mawu pa port 9987 ya UDP ndipo mafayilo amadutsa pa port 30033 ya TCP. Port 10011 ya TCP ndi ya amene amayang'anira seva. Mtundu wakale, TeamSpeak 2, unkagwiritsa ntchito port 8767 ya UDP. Munthu akhoza kuyendetsa seva ya TeamSpeak 3 yolowa anthu 32 popanda kulipira chilolezo.

Mumble inatuluka koyamba mu 2005 ndipo amene anaiyambitsa ndi Thorvald Natvig wa ku Norway. Ndi pulogalamu yaulere, ndipo aliyense amaloledwa kuona ndi kusintha mmene inalembedwera. Kwa zaka zambiri seva yake inkatchedwa Murmur. Imagwiritsa ntchito port 64738 pa TCP ndi pa UDP pomwe. Nambalayi inatengedwa ku kompyuta yakale ya Commodore 64, imene munthu ankaiyambitsanso polemba SYS 64738.

Ventrilo inatuluka mu 2002 kuchokera ku kampani ya Flagship Industries ya ku United States. Port yake ndi 3784, ndipo seva yake yaulere imalola anthu 8 okha.

Discord, imene inayamba mu 2015, ndi yosiyana ndi mapulogalamu atatuwa. Chimene ogwiritsa ntchito Discord amachitcha seva chimakhala pa makompyuta a kampaniyo, choncho nkhani ya adiresi ya m'kati ndi ya kunja siiwakhudza.

Port ndi nambala imene imasonyeza pulogalamu yoyenera kulandira uthenga ukafika pa kompyuta. Manambalawa amayambira pa 0 mpaka 65535. Mawu kawirikawiri amatumizidwa pa UDP chifukwa UDP siidikira kuti paketi imene yatayika itumizidwenso. Pa kulankhulana, kachidutswa ka mawu kamene kafika mochedwa kalibenso ntchito. TCP imaonetsetsa kuti paketi iliyonse yafika ndiponso mwa dongosolo lake, ndiye imayenera mafayilo ndi mauthenga olembedwa.

Adiresi ya m'kati ndi adiresi ya kunja

Chipangizo chilichonse chimene chili pa netiweki chimakhala ndi adiresi ya IP. Mtundu wakale wa maadiresiwa, IPv4, umalembedwa ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, ndipo nambala iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 255. Maadiresi onse otheka ndi 4,294,967,296. Chiwerengerochi ndi chochepa poyerekeza ndi mafoni ndi makompyuta amene ali padziko lapansi. Pa 3 February 2011, bungwe la IANA linagawa magulu ake omaliza a maadiresi a IPv4 kwa mabungwe asanu a m'zigawo za dziko. Bungwe limene limagawa maadiresi mu Africa ndi AFRINIC, ndipo likulu lake lili ku Mauritius.

Pofuna kuti maadiresi asathe msanga, chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula magulu atatu kuti azigwiritsidwa ntchito m'nyumba, m'masukulu ndi m'maofesi mokha:

* 10.0.0.0 mpaka 10.255.255.255
* 172.16.0.0 mpaka 172.31.255.255
* 192.168.0.0 mpaka 192.168.255.255

Awa ndiwo maadiresi a m'kati. Sayenda pa intaneti, ndipo nyumba zambirimbiri zimagwiritsa ntchito manambala omwewo. Adiresi ya 192.168.1.10 ilipo m'nyumba zambiri pa nthawi imodzi, monga mmene chipinda nambala 10 chimapezekera m'nyumba ya alendo iliyonse. Munthu akatumizira mnzake wa ku tauni ina adiresi imeneyi, pulogalamu ya mnzakeyo imakafunafuna seva pa netiweki ya kwawo, ndipo siipeza kanthu.

Adiresi ya kunja ndi imene intaneti yonse imaiona. Imakhala pa rauta, osati pa kompyuta ya seva, ndipo zipangizo zonse za panyumbapo zimatulukira pa adiresi imodzi imeneyi. M'nkhani ino chitsanzo chake ndi 203.0.113.7, imene ili m'gulu la maadiresi opatulidwa kuti azilembedwa m'mabuku monga zitsanzo.

Palinso adiresi yachitatu, 127.0.0.1, imene imatchedwanso localhost. Pa kompyuta iliyonse adiresiyi imatanthauza kompyuta yomweyo. Imagwira ntchito pokhapokha ngati munthu akulowa kuchokera pa kompyuta imene seva ikuyendapo.

Mmene NAT imagwirira ntchito

Njira imene rauta imalumikizira maadiresi a m'kati ndi adiresi ya kunja imatchedwa NAT. Inafotokozedwa mu 1994 mu chikalata cha RFC 1631, chimene analemba Kjeld Egevang ndi Paul Francis. Kompyuta ya m'nyumba ikatumiza paketi kunja, rauta imachotsa adiresi ya m'kati n'kuikapo adiresi yake ya kunja. Kenako imalemba m'kaundula wake kuti yankho likabwera lipite kwa ndani. Yankho likafika, imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake.

Zimenezi zimafanana ndi sukulu yogonera komweko imene ili ndi bokosi limodzi ku positi ofesi. Ophunzira onse amalemba makalata pogwiritsa ntchito nambala ya bokosilo, ndipo wogawa makalata ndi amene amadziwa kuti kalata iliyonse ipite ku hositelo iti.

Vuto limakhala pa uthenga umene wayambira kunja. Mnzake wa mwini seva akatumiza paketi ku 203.0.113.7 pa port 9987, rauta siipeza chilichonse m'kaundula wake chifukwa palibe wa m'nyumba amene anayambitsa kulumikizanako. Siidziwa kuti paketiyo ndi ya laputopu, ya foni kapena ya TV, ndiye imangoitaya.

Kulowa kuchokera m'nyumba

Amene ali pa netiweki imodzi ndi seva, kaya pa Wi-Fi kapena pa waya, amalowa ndi adiresi ya m'kati. Pa Windows adiresiyi imaoneka munthu akalemba ipconfig pa Command Prompt, ndipo pa Linux amalemba ip addr. Mapaketi amachoka pa kompyuta ina kupita pa ina osadutsa pa intaneti. Chifukwa cha ichi mawu amafika msanga ndipo data siitha. Seva ya Mumble imagwira ntchito ngakhale panyumbapo palibe intaneti, bola rauta ikhale yoyaka, ndipo pulogalamu ya Mumble imatha kudzipezera yokha maseva amene ali pa netiweki yomweyo.

Zinthu zitatu zimalepheretsa kulowa ngakhale m'nyumba. Choyamba ndi firewall ya pa kompyuta ya seva, imene imakana mapaketi obwera ngati sinauzidwe kuti ilole port ya seva. Chachiwiri ndi seva imene inauzidwa kumvetsera pa 127.0.0.1 pokha. Pa TeamSpeak 3 zimenezi zimasinthidwa pa mzere wa voice_ip, ndipo pa Mumble pa mzere wa host. Adiresi ya 0.0.0.0 imauza seva kuti imvetsere pa maadiresi onse a IPv4 a kompyutayo. Chachitatu ndi Wi-Fi ya alendo. Marauta ambiri salola kuti zipangizo za pa Wi-Fi imeneyi zionane ndi zipangizo zina za m'nyumba.

Kulowa kuchokera kunja

Kuti anthu a kunja alowe, mwini seva amaika lamulo pa rauta lotchedwa port forwarding. Lamuloli limauza rauta kuti paketi iliyonse yofika pa port yakutiyakuti iziperekedwa ku adiresi ya m'kati ya seva. Pa TeamSpeak 3, lamulo lofunika kwambiri ndi lakuti UDP 9987 ipite ku 192.168.1.10. Tsamba losinthira zimenezi limatsegulidwa polemba adiresi ya rauta pa browser, ndipo kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1.

Kulakwitsa mtundu wa port n'kofala. Munthu akatsegula TCP 9987 m'malo mwa UDP 9987, palibe amene angalowe mu TeamSpeak 3 kuchokera kunja. Mumble imachita mosiyana. Ngati TCP 64738 yokha ndi imene yatsegulidwa, anthu amalowa ndipo mawu amadutsa pa TCP, koma amatha kuchedwa kapena kudukaduka netiweki ikakhala yofooka.

Adiresi ya m'kati ya seva iyenera kukhala yosasintha. Rauta imagawa maadiresi yokha kudzera mu DHCP, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso kompyuta ya seva ikhoza kulandira nambala ina, monga 192.168.1.14. Lamulo la port forwarding limakhala likulozabe ku 192.168.1.10, kumene kulibenso seva. Pofuna kupewa zimenezi, mwini seva amauza rauta kuti izisungira kompyutayo adiresi imodzi nthawi zonse, kapena amalemba yekha adiresi yokhazikika pa kompyutayo.

Adiresi ya kunja nayonso imasintha, chifukwa makampani ambiri a intaneti sapereka adiresi yokhazikika kwa makasitomala a m'nyumba. Ambiri amathana nazo pogwiritsa ntchito dynamic DNS, monga ya No-IP kapena DuckDNS. Mwini seva amalandira dzina, ndipo kapulogalamu ka pa rauta kapena pa kompyuta kamadziwitsa kampani ya DNS adiresi ikangosintha. Anzake amangosunga dzinalo.

Liwiro lotumizira kunja ndi lofunikanso, chifukwa seva imatumiza mawu a wolankhula kwa womvera aliyense payekhapayekha. Ngati mawu a munthu mmodzi akutenga 40 kbit/s ndipo omvera a kunja alipo 9, seva imatumiza pafupifupi 360 kbit/s. Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi, chiwerengerochi chimatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Adiresi ya kunja ikagwiritsidwa ntchito m'nyumba

Mwini seva ambiri amafuna kuyesa ngati port forwarding ikugwira ntchito, ndiye amalemba adiresi ya kunja ali m'nyumba momwemo. Pa marauta ena zimatheka, pa ena zimakanika. Kukanikaku sikutanthauza kuti seva yawonongeka. Paketi imayenera kupita ku rauta n'kukhoteranso m'nyumba, ndipo si rauta iliyonse imene imadziwa kuchita zimenezi. Luso limeneli limatchedwa NAT loopback, NAT reflection kapena hairpinning. Dzina lomalizali linachokera ku kachitsulo kopanira tsitsi kamene kamapindika n'kubwerera kumene kachokera.

Marauta ena amaona kuti adiresiyo ndi yawo, ndiye amaitenga paketiyo ngati yawo n'kuitaya, popeza lamulo la port forwarding limagwira ntchito pa mapaketi ochokera kunja okha. Ena amaipereka ndithu kwa seva, koma kulumikizana kumalephera pa yankho. Zimachitika motere:

1. Laputopu ya 192.168.1.20 imatumiza paketi ku 203.0.113.7 pa port 9987.
2. Rauta imasintha adiresi ya kumene paketi ikupita kukhala 192.168.1.10, koma adiresi ya wotumiza imakhalabe 192.168.1.20.
3. Seva imaona kuti wotumizayo ali pa netiweki yomweyo, ndiye imamuyankha mwachindunji osadzera mu NAT ya rauta.
4. Laputopu imalandira yankho lochokera ku 192.168.1.10, pamene inkayembekezera yankho lochokera ku 203.0.113.7. Imaona ngati yankholo ndi la mlendo ndipo imalikana.

Rauta yodziwa hairpinning imasinthanso adiresi ya wotumiza, kuikapo yake. Seva imayankha kwa rauta, rauta imabwezeretsa maadiresi onse awiri, ndipo laputopu imalandira yankho kuchokera kumene inkayembekezera. Chikalata cha RFC 4787 cha mu 2007 chimanena kuti NAT iyenera kulola hairpinning pa UDP, koma si marauta onse a m'nyumba amene amatsatira zimenezi.

Hairpinning ili ndi zovuta zake. Mapaketi onse amadutsa mu NAT ya rauta ngakhale makompyuta awiriwo ayandikana. Seva imaonanso anthu onse a m'nyumbamo ngati akuchokera pa adiresi imodzi. Woyang'anira akaletsa munthu mmodzi potengera adiresi yake, a m'nyumbamo onse amaletsedwa limodzi.

Njira zothetsera

Njira yosavuta ndi kusunga maadiresi awiri mu pulogalamu yolowera: ya m'kati yogwiritsa ntchito pakhomo, ndi ya kunja yogwiritsa ntchito munthu akachoka. Anthu ambiri amachita zimenezi ndipo sizifuna kusintha kanthu pa rauta.

Njira yachiwiri ndi kuyatsa NAT loopback pa rauta, ngati rautayo ili ndi malo osankhira zimenezo.

Njira yachitatu imatchedwa split DNS. Dzina la seva limakhala limodzi, koma DNS ya m'nyumba imayankha ndi 192.168.1.10, pamene DNS ya pa intaneti imayankha ndi adiresi ya kunja. Foni kapena laputopu imalandira yankho loyenera malinga ndi kumene ili.

Pa kompyuta imene siichoka panyumba, munthu akhoza kulemba dzinalo ndi adiresi ya m'kati mu fayilo ya hosts. Pa Linux fayiloyi ndi /etc/hosts, ndipo pa Windows ili mu C:\Windows\System32\drivers\etc. Njirayi siyoyenera pa laputopu yoyenda nayo, chifukwa ikafika kwina imapitirizabe kufunafuna adiresi ya m'kati.

CGNAT ndi NAT ziwiri

Pali nthawi pamene port forwarding yaikidwa molondola koma a kunja sakulowabe. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti rauta ya panyumbapo ilibe adiresi ya kunja yakeyake. Makampani ambiri, makamaka a intaneti ya pa foni, amaika makasitomala ambiri pa adiresi imodzi ya IPv4 pogwiritsa ntchito NAT yaikulu yotchedwa CGNAT. Chikalata cha RFC 6598 cha mu 2012 chinapatula maadiresi oyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255 kuti azigwira ntchito imeneyi. Kasitomala alibe mphamvu yoika lamulo pa NAT ya kampani, choncho mapaketi ochokera kunja amathera komweko.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri mayiko monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, kumene anthu ambiri amapeza intaneti kudzera pa SIM khadi, pa MiFi kapena pa hotspot ya foni. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'mayiko atatuwa mu 2023, nayonso imagwiritsa ntchito CGNAT pa IPv4 kwa makasitomala wamba a m'nyumba.

Munthu amadziwa kuti ali pa CGNAT poyerekeza manambala awiri: adiresi ya WAN imene yalembedwa pa tsamba la rauta, ndi adiresi imene mawebusaiti oonetsa IP akusonyeza. Manambalawa akasiyana, ndiye kuti pali NAT ina pakati. Zofanana ndi zimenezi zimachitika panyumba pakakhala marauta awiri olumikizana, ina ya kampani ndi ina yogula yekha. Apa port forwarding iyenera kuikidwa pa marauta onse awiri, kapena rauta imodzi isinthidwe kukhala bridge.

Amene ali pa CGNAT amatha kupempha adiresi ya kunja yakeyake ku kampani, ngati kampaniyo imagulitsa. Ena amachita lendi seva ya VPS n'kuikapo pulogalamuyo. Enanso amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Tailscale, ZeroTier kapena Hamachi, amene amalumikiza makompyuta a anthu otalikirana kuti aoneke ngati ali pa netiweki imodzi. Aliyense wa m'gulumo amafunika kuika pulogalamuyo, ndipo amalowa ndi adiresi imene pulogalamuyo yapereka kwa seva.

IPv6

IPv6 inafotokozedwa mu RFC 2460 mu 1998, ndipo chikalatachi chinalowedwa m'malo ndi RFC 8200 mu 2017. Adiresi yake ili ndi ma bit 128, pamene ya IPv4 ili ndi 32. Maadiresi ndi ochuluka kwambiri moti chipangizo chilichonse chikhoza kukhala ndi adiresi yake yofikirika padziko lonse, popanda NAT. Adiresi yomweyo imagwira ntchito m'nyumba ndi kunja, ndiye vuto la hairpinning silikhalapo. Chotsala ndi firewall ya pa rauta, imene kawirikawiri imakana mauthenga oyambira kunja mpaka mwini wake atalola port ya seva. Wolowayo nayenso ayenera kukhala ndi IPv6.

Kufufuza pamene pali vuto

Odziwa za netiweki amayesa kuyambira pafupi kupita kutali, chifukwa malo amene kulowa kwakanika ndi amene amasonyeza gwero la vuto.

* 127.0.0.1 ikakanika pa kompyuta ya seva, ndiye kuti pulogalamu ya seva sinayake, port yalembedwa molakwika, kapena seva inauzidwa kumvetsera pa adiresi ina.
* 127.0.0.1 ikatheka koma adiresi ya m'kati n'kukanika pa chipangizo china, vuto limakhala pa firewall, pa adiresi imene seva ikumvetserapo, kapena pa Wi-Fi ya alendo.
* Adiresi ya m'kati ikatheka koma a kunja n'kukanika, vuto limakhala pa port forwarding, pa adiresi imene yasintha, kapena pa CGNAT.
* A kunja akamalowa koma wa m'nyumba n'kukanika pa adiresi ya kunja, rauta ilibe NAT loopback.

Njira yodalirika yoyesera adiresi ya kunja ndi kuzimitsa Wi-Fi pa foni n'kulowa ndi data, chifukwa pamenepo paketi imachokeradi kunja. Mawebusaiti ambiri oyesera ma port amayesa TCP yokha, choncho amatha kusonyeza kuti port 9987 ndi yotseka pamene ikugwira ntchito bwinobwino pa UDP.

Chitetezo

Port ikatsegulidwa, aliyense pa intaneti akhoza kuifika, kuphatikizapo mapulogalamu amene amangoyendayenda kufufuza maseva otseguka. Seva ya pakhomo imafunika mawu achinsinsi olowera ndiponso pulogalamu yatsopano nthawi zonse. Akaunti ya SuperUser ya Mumble ndi privilege key imene TeamSpeak 3 imapereka ikayatsidwa koyamba zimapatsa munthu mphamvu zonse pa seva, ndiye siziyenera kugawidwa. Port 10011 ya TeamSpeak 3 siifunika kutsegulidwa kunja kuti anthu azilankhulana.

Marauta ambiri ali ndi malo otchedwa DMZ, amene amatumiza mapaketi onse ochokera kunja ku kompyuta imodzi. Ena amawayatsa port forwarding ikawavuta, koma kutero kumaika ma port onse a kompyutayo poyera. Wolandira adiresi ya kunja amathanso kudziwa kampani ya intaneti ya mwini seva, mwinanso dera limene amakhala, ndipo munthu wa zolinga zoipa akhoza kutumizako mapaketi ochuluka mpaka intaneti ya nyumba yonse kuima. N'chifukwa chake maseva a pakhomo amayenera magulu ang'onoang'ono a anthu odziwana, pamene magulu akuluakulu olowa aliyense kawirikawiri amaika seva yawo pa VPS.